Zivundikiro za pa Dzenje la Oyilo

Alamu anga a Fainess Nyirongo ndi munthu wovuta kuwakanira. Ndikunena ine Levi, amene ndinakwatira mng'ono wawo Lefina, ndipo ndakhala ndikuyesa kuwakanira zinthu kwa zaka makumi awiri osapambana ngakhale kamodzi. Ndi aafupi, oyenda mwachangu ngati asiya ndiwo pamoto. Bambo awo anali a ku Nkhamenya, mayi awo a kuno ku Wimbe, choncho akapsa mtima Chichewa chimawachepera, amayamba kuthirako Chitumbuka. Sukulu analekeza Sitandade 7. Amuna awo a Amosi atamwalira, anthu ankayesa kuti ulimi wa fodya ausiya, koma iwo anangomanga chitenje molimba n'kupitiriza okha.

Fodya amamudziwa ndi mphuno. Ena amayang'ana mtundu wa tsamba, ena amaligwiragwira, koma alamu anga amangolisendeza kumaso, n'kukuuzani kuti uyu munamutsitsa asanaume, uyu anagona pafupi ndi mbuzi. M'kalabu yawo ya alimi palibe amene amadinda belo asanawaitane. Ndiye mungathe kuona manyazi amene anawagwira chaka chatha pamene mabelo awo, a iwo eni mphuno, anabwezedwa ku okushoni, pepala litalembedwa kuti fodya akununkha mafuta. Lamulo la kalabu ndi lakuti munthu akabwezeredwa fodya kawiri pa chifukwa chimodzi amachotsedwa, poti amaipitsa dzina la anzake. Mayi wamasiye wopanda kalabu fodya wake angakagulitse kuti? Chaka chino akanabwezeredwanso, kukanakhala kachiwiri.

Mafutawo ankachokera kwa ife. Zaka zinayi zapitazo bungwe lina la alimi linamanga depoti ya mathirakitala kuseri kwa munda wawo, pafupi kwambiri ndi chigafa chimene amayanikamo fodya, moti munthu atha kuponya mwala n'kufika. Ine ndine makaniko pamenepo. Tikatsuka mathirakitala, kapena tikachapa zitsulo za injini ndi petulo ndi parafini, madzi onse amatsetserekera m'dzenje la simenti la zipinda zitatu. Mafuta amayandama m'chipinda choyamba, madzi amadutsa pansi pa khoma kulowa m'chachiwiri, kenako m'chachitatu, n'kutuluka ali oyera ndithu. Omanga ankalitchula ndi dzina lalitali la Chingerezi, ife timangoti dzenje la oyilo. Linabwera ndi zivundikiro zitatu zachitsulo. Lisanathe ndi sabata yomwe, tinazichotsa n'kuzitsamiritsa pakhoma.

Musatiseke msanga. Tonse pa depoti tinakulira m'fodya, ndipo munthu wokulira m'fodya amadziwa kuti chinthu chikayamba kununkha chimafuna mpweya. Chigafa chilibe makoma pa chifukwa chimenechi. Fodya ukamupanikiza amatentha n'kuwola, ukamutalikitsa mphepo n'kudutsa amauma bwino. Ndiye titavundukula dzenje lija tsiku lina, fungo n'kutimenya kumaso, bwana wathu a Mphepo, amene dzina lawo linawakhala ngati malaya osoketsa, anagamula kuti dzenje nalo lizipuma. Palibe anatsutsa. Zivundikirozo amene anazinyamula ndine.

Mu Januwale, masamba a pansi atangoyamba kuthyoledwa, alamu anga anandipeza ndili pansi pa thirakitala dzuwa lili pamutu.

"Alamu, tulukani m'menemo mundiperekeze."

Ananditengera ku chigafa chawo n'kundiimika mbali yoyang'ana ku depoti. "Nunkhizani."

Ndinakoka mpweya kawiri. "Ine ndikungomva fodya, alamu."

"Mphuno yanu inafa kalekale, mwangoiwala kuilira maliro," anatero. "Ndikufunseni. Botolo la parafini mukalisiya losatseka, pakutha pa sabata mumalipeza bwanji?"

"Parafini amakhala atachepa."

"Wamwa ndani?"

Ndinangokanda m'mutu.

"Wapita m'mphepo. Ndipo dzuwa likatentha amapita wambiri. Ine ndakhala pano masiku asanu ndikutchera mphuno. M'mawa kulibe kanthu, koma ikangokwana leveni koloko fungo limabwera, mphepo ya masana n'kulikankhira m'chigafa muno. Dzenje lanu lija mukuti likupuma, likupumira m'fodya wanga."

Ndinayesa kuwauza kuti nkhaniyi ndi ya abwana, iwo anati ndiye tiyeni kwa abwanawo. A Mphepo anawalandira bwino, anawapatsa ndi mpando womwe. Si munthu woipa, koma akagwira mfundo amaikumbatira ngati mwana wobadwa yekha.

"Mayi, ndakumvani. Koma dzenje limenelo likatsekedwa, mpweya wa petulo udzadzaza, tsiku lina lidzaphulika. Mufuna tife? Bwanji musunthe chigafa chanu?"

"Ndichisunthire kuti, bambo? Uku ndi msewu, uku ndi munda wa eni ake. Nanga mitengo yomangira china ndiitenga kuti ku Kasungu kuno, fodya ali kale pa mikangala yoyanikira? Yayi. Chigafa chinalipo dzenje lanu lisanakumbidwe."

A Mphepo anapepesa, koma anakana. Ine ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, poti ndinali nditaiwala kuti ndikulimbana ndi ndani. M'mawa mwake alamu anga anabwera ndi mtolo wa fodya wamuwisi pamutu, singano ndi chingwe m'manja, nakhala pa tayala lakale pakhomo penipeni pa ofesi. Anayamba kusoka fodya wawo pamenepo. Mlimi aliyense wobwera kudzafunsa za thirakitala ankamupatsa moni mwaulemu, n'kumufotokozera chifukwa chimene akusokera fodya pakhomo pa eni. Sanatukwane munthu. Sanakweze ndi mawu omwe. Tsiku lachisanu ndi chimodzi a Mphepo anatuluka thukuta lili pamphumi.

"Chabwino mayi, yesani. Koma zikavuta, mlandu ndi wanu ndi mlamu wanuyu."

Umu ndi m'mene ndinalowera m'nkhaniyi, osafunsidwa.

Zivundikiro zija zinali zitapindika chifukwa chokhala pakhoma zaka zinayi, anthu akukhalira podya chimanga chootcha. Titaziika zinasiya mipata yolowa dzanja. Alamu anga anabweretsa pepala lalikulu lapulasitiki, tinaliyala pamwamba, iwo n'kumata dothi m'mbali monse ngati akumata uvuni wa njerwa. Sanasiye ndi kabowo komwe. M'mawa zonse zinali bwino. Pofika masana pepala lija linayamba kutupa, mpaka linaima ngati mimba ya ng'ombe yodya chinangwa. Mpweya utasowa kotulukira unabwerera ndi paipi yomwe madzi amalowera, n'kudzatulukira pamalo otsukira, pomwe ine ndinali nditawerama ndikuchapa injini. Mutu unandizungulira, ndinasanza pamaso pa anzanga. A Mphepo anathamanga ndi chikwanje n'kung'amba pepala lija, akukuwa kuti aliyense wokhala ndi machesi atalikire.

Mantha atatha kunabwera kuseka. Anzanga anawapatsa alamu anga dzina loti injiniya, ndipo ankafunsana mokweza kuti digiri anaitenga liti. Iwo anatola pepala lawo long'ambika, naliyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwera pamene ndinakhala.

"Pepani alamu, ndikanakuphani. Lefina ndikanamuuza chiyani?"

Anapita kwawo. Ndiulule pano kuti mumtima ndinakondwa. Ndinali nditatopa ndi kukhala pakati pa bwana ndi mlamu, ndipo ndinkafuna zinthu zibwerere mwakale. Ndikakumbuka chikondwerero chimenecho manyazi amandigwira mpaka lero.

Fodya sadikira kuti anthu amalize kukangana. M'masabata awiri otsatirawo masamba a pakati anapsa, aatali aja, olemera, amene mlimi amayang'anira chaka chonse. Kuwasiya m'munda akanaonongeka, ndiye alamu anga anawathyola, kuwasoka, n'kuwapachika m'chigafa momwemo, dzenje lili chitsegukire. Lefina ankakawathandiza, ndipo ankabwera kunyumba nkhope ili gwa, kundiikira chakudya osandiyang'ana. Ine ndinkadya ngati mlendo.

Lachiwiri lina alamu anga anakwera minibasi kupita ku Kasungu boma. Anali ataganiza kuti pamalo omwetsera mafuta pali petulo wochuluka kuposa wa pa depoti yathu, koma anthu amagulitsa mandasi pafupi pomwepo osadandaula. Atafika pamalo ena otere anayamba kuzungulira, kugwada pa zivundikiro, kuzigwiragwira m'mbali. Ogwira ntchito ankayesa kuti mutu wawo sukuyenda. Mwamwayi woyang'anira pamalopo anali mayi wina dzina lake Tithokoze, nayenso mwana wa mlimi wa fodya. Atamva nkhani yonse anawatengera kuseri kumene amatsukira magalimoto, n'kuwaonetsa dzenje lofanana ndi lathu. Anawaonetsa labala ya m'mphepete mwa chivundikiro. Anawaonetsa kuti paipi yolowetsa madzi imapindikira pansi, kamwa yake n'kumira m'madzi, kuti mpweya usabwerere kumene kuli anthu. Kenako anawalozera kapaipi kena kakang'ono kokwera mpaka kupitirira denga, n'kuwonjeza kuti m'mafakitale akuluakulu mpweya umenewo amayamba audutsitsa m'makala apadera kuti fungo litsalire m'menemo.

Madzulo a tsiku lomwelo, tisanaweruke, anatulukira pa depoti fumbi lili m'miyendo, nalowa mu ofesi osagogoda.

"Bambo Mphepo, pulikani. Munanena zoona, dzenje liyenera kupuma. Ine ndinalakwa polimata pakamwa ndi pamphuno pomwe. Koma inu munalakwa polisiya kukamwa kuli yasa. Lizipuma ndi mphuno imodzi, ndipo pamphunopo tiikepo sefa."

"Sefa wanji, mayi?"

"Makala. Nyemba zikapserera, mayi a kunyumba kwanu amaponyamo chiyani kuti fungo lichoke?"

A Mphepo anaseka pang'ono. "Khala."

"Basi. Makala a ku fakitale tilibe, tili ndi athu omwewa. Akatopa tizisintha."

A Mphepo anagogoda cholembera patebulo. Ndikhulupirira kuti chimene chinawafewetsa ndi mawu oyamba aja, oti munanena zoona. Pomaliza anati ntchito yonse yowotcherera zitsulo ichitikire kutali ndi dzenje, ndipo ngati wina achitanso chizungulire, zonse zichotsedwe tsiku lomwelo. Alamu anga anavomera asanamalize n'komwe.

Tinagwira ntchito masiku anayi. Ndinawongola zivundikiro ndi hamala pansi pa mtengo wa mango, kutali, n'kudula chubu chakale cha thirakitala m'timizere toyala m'mphepete, kenako kuboola mabowo a mabawuti. Paipi yolowetsa madzi ndinaiika chigongono choloza pansi. Pa chivundikiro choyamba ndinatulutsa kapaipi kolowa pansi pa mgolo wachitsulo, ndi kena kochoka pamwamba pa mgolowo kukwera kupitirira denga la depoti. Makala othira mu mgolomo alamu anga anasinja okha mu mtondo wakale, kuwapeta kuti fumbi lichoke, kuwatsuka, n'kuwayanika pa mphasa. Pomaliza anali akuda mpaka m'zikope, ndipo ndinawauza kuti akapita choncho ku Mvano azimayi anzawo athawa. Anandiyankha kuti ine ndimaoneka choncho tsiku lililonse koma Lefina sanathawe.

Sanalekere pomwepo. Anati botolo likakhala ndi parafini wochepa, wothawa amakhalanso wochepa, choncho mafuta oyandama aja tiziwawengula Loweruka lililonse n'kuwatsekera mu mgolo wina, m'malo modikira mwezi. Anatiletsanso kuchapira zitsulo ndi petulo pa ngalande yopita ku dzenje. Anabweretsa beseni lawo lakale kuti tizichapira m'menemo, petulo wakudayo tizimuthira m'chigubu chotseka. Anzanga ankang'ung'udza kuti tsopano tili ndi mabwana awiri, koma ankachita.

Tsiku loyesa, dzuwa linatentha ngati lachita kuitanidwa. Itakwana leveni koloko a Mphepo anakaima kuseri kwa thirakitala, mutu wokha ukuonekera. Ine ndinaima pamalo otsukira paja pamene ndinasanza. Palibe chinatupa, palibe chinabwerera. Alamu anga anagwada pa simenti yotentha n'kuyamba kukwawa kuzungulira zivundikiro, mphuno ili pa labala. Pa ngodya ya chivundikiro chachiwiri anaima.

"Apa pakutuluka. Mangitsani, alamu."

Ndinamangitsa bawuti. Ananunkhizanso, n'kupitirira. Atamaliza anapita ku chigafa chawo, naima mbali ija anandiimika ine, nthawi yaitali ndithu, maso ali otseka. Pobwera anangogwedeza mutu n'kunena m'Chitumbuka kuti, "Makora chomene," kutanthauza kuti zili bwino kwambiri. A Mphepo anatuluka kuseri kwa thirakitala akukonza malaya, ndipo pofika sabata yotsatira ankafotokozera alendo za mgolo wa makala ngati nzeruyo anailota okha. Alamu anga sanawatsutse.

Kuyambira pamenepo masamba a pamwamba, ndi onse a m'munda wachiwiri umene anawokera mochedwa, anauma mu mpweya wabwino. Fodya ameneyo anapita ku okushoni mu Meyi ndipo sanabwezedwe. Dzina la a Fainess likadali m'kalabu, ndipo anthu akuwaitanabe asanadinde mabelo. Koma ine ndikamakumbukira chaka chimenechi, chimene chimabwera m'maso mwanga ndi m'mawa wina wa mu Epulo, asanapite kumsikako.

Masamba a pansi oyamba aja anali atawataya kale mumtima, poti anali ochepa komanso opepuka. Chiyembekezo chawo chinali pa a pakati, amene anapachikidwa m'masabata a mkangano. Ankati mwina pokhala mwezi wathunthu mu mpweya wabwino, fungo lidzawachoka. Tsikulo anandiitana kuti ndidzawathandize kutsitsa, m'mamawa, fodya akadali wofewa ndi mame. Anali wokongola, anthuni. Masamba aatali, ofiirira bwino, osang'ambika, fodya amene mlimi amamuona mwina kamodzi pa zaka zisanu. Anayamba mbali yakutali ndi depoti, kusendeza tsamba kumaso, n'kugwedeza mutu kuti tsitsani. Mzere woyamba unadutsa, wachiwirinso chimodzimodzi. Atafika pa mizere inayi ya mbali ya depoti anakhalitsa. Ananunkhiza pamwamba, pansi, natsegula tsamba n'kununkhiza mkati mwake, nabwerezanso.

"Walowa," anatero motsitsa mawu. "Mpaka mu mtsitsi wa tsamba."

Ine ndinanunkhiza, osamva kanthu monga mwa masiku onse. Mtima unandiwawa, ndiye ndinanena zimene aliyense akananena.

"Alamu, fungolo ndi lochepa, mukulimva ndinu nokha. Tisakanize. Masamba awiri apa, atatu apo, pakati pa belo. Adziwa ndani?"

"Mukamuunjika pamodzi fodya amafunda, ndipo akafunda fungo limayenda. Tsamba limodzi lidzapatsira belo lonse. Ndiye ndakwawa pa simenti ija kuti ndidzaononge wabwino ndi manja anga? Yayi, alamu. Uyu apite ku dzenje la manyowa."

Anatambasula manja kuti atsitse mkangala woyamba. Anaugwira, koma sanaunyamule. Anaima choncho, zala zili pa mtengo, masamba akuwakhudza kumaso. M'zaka zonsezi, ngakhale pa maliro a amuna awo, sindinawaonepo akulephera chinthu chimene anena kuti achita. Anatsitsa manja n'kuwapukuta pa chitenje.

"Nyamulani ndinu. Anga akana."

Ndinayang'ana manja anga, omwe aja anachotsa zivundikiro n'kuzitsamiritsa pakhoma. Ndinafuna kupepesa, koma ndinangosenza mkangala uja paphewa n'kuyamba kuyenda. Ndinapita n'kubwerera mpaka dzuwa linakwera, ndipo ulendo uliwonse ndinkawapeza ataima pomwepo, atafulatira njira ya ku manyowa, chala chikuloza mkangala wotsatira.